Mzere Wachikasu Suimitsa Lole

Mseu wa M1 uli ndi nkhope ziŵiri. Kwa munthu amene wakwera basi ku Lilongwe kupita ku Mzuzu, mseuwu ndi chingwe chachitali cha phula, ndipo Nkhamenya ndi dzina la pachikwangwani limene amaliŵerenga akusinza, penapake pakati pa Kasungu ndi Jenda. Koma kwa ife amene timakhala kuno kwa Mfumu Kaluluma, mseu womwewo ukafika pa Nkhamenya umasanduka bwalo la pamudzi. Msika uli pomwepo, magolosale ndi zigayo zili pomwepo. Odwala opita ku chipatala cha Mishoni amadzera pomwepo, ana asukulu amawoloka pomwepo m'maŵa ndi masana. Ndipo ochuluka a ife timafika pamalopo titakwera njinga yakapalasa.

Nkhani yathu mwezi uno ndi yakuti pamalo ngati ameneŵa njinga iyenera kupatsidwa njira yakeyake, yotchingidwa ndi kakhoma ka simenti kamene galimoto singathe kukakwera. Tikunena za simenti yeniyeni. Mzere wa penti, ngakhale ukhale woŵala chotani, sitiuŵerengera.

Tiyambe ndi kufunsa kuti eni mseu ndani. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo ndi chiŵerengero cha anthu wa chaka cha 2015 ndi 2016 adapeza kuti mwa mabanja khumi alionse a m'Malaŵi, pafupifupi anayi anali ndi njinga, pamene mabanja okhala ndi galimoto anali pafupifupi atatu okha pa 100 alionse. Kuno ku chigwa cha fodya sitifunikira ngakhale kafukufuku kuti tidziŵe zimenezi. Njinga idabwera ndi agogo athu pochokera ku Joni ndi ku Halale, Raleigh kapena Humber, yokutidwa bwino ngati mkwatibwi, ndipo kuyambira nthaŵi imeneyo siidapumepo. Ndiyo imanyamula thumba la feteleza kuchokera ku sitolo, chimanga kupita ku chigayo, nkhuku, mbuzi yomangidwa pakaliyala, makala, malata, zigubu za madzi. Mlangizi wa zaumoyo amayendera midzi pa njinga. Mphunzitsi amafika ku sukulu pa njinga. Mai wapakati amene nthaŵi yake yakwana usiku amakhazikidwa pa njinga. Mnyamata amene adalephera kupeza ntchito atatsiriza Folomu 4 amadyetsa mkazi ndi ana ndi kabaza. Kodi pali chipangizo china m'dziko muno chimene chagwira ntchito yoposa imeneyi popanda kumwa ngakhale dontho limodzi la mafuta ogula kunja?

Komabe mukaona momwe miseu yathu imamangidwira, mungaganize kuti wapanjinga ndi mlendo wosaitanidwa. Malo ake ndi otsala. Galimoto zikadya n'kukhuta, iye atole nyenyeswa za m'mphepete. Amene adayendapo pa M1 wakale, womangidwa m'nthaŵi ya Kamuzu, akukumbukira momwe phula lidadyekera m'mbali mpaka kusiya chiphompho chaching'ono pakati pa phula ndi dothi. Lole ikaliza hutala kumbuyo, wapanjinga ankayenera kusankha msangamsanga pakati pa kutsikira m'chiphomphomo ndi katundu wake yense, kapena kukhalabe paphula n'kudikira chimene chichitike. Tidazoloŵera zimenezi kotero kuti tidayamba kuziona ngati ulemu, monga mwana amapatukira mkulu panjira. Si ulemu umenewo ayi. Ndi kuthaŵa imfa.

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la World Health Organization, mu lipoti lake la 2018, lidayerekeza kuti m'Malaŵi anthu 31 pa 100,000 alionse ankafa pa ngozi za pamseu chaka chilichonse, chiŵerengero chimene chidaika dziko lathu pakati pa maiko oopsa kwambiri kuyendamo. Mwa anthu amene imfa zao zidalembedwa, pafupifupi theka anali oyenda pansi, ndipo mmodzi mwa asanu ndi mmodzi alionse anali wapanjinga. Taganizani bwino mau ameneŵa, inu oŵerenga. Mwa maliro atatu a pamseu, aŵiri ndi a anthu amene sadali m'galimoto konse. Galimoto ndi za ochepa, koma maliro ake ndi a ife tonse.

Tsono mu 2019 boma lidagwirizana ndi banki ya European Investment Bank pamodzi ndi bungwe la European Union za ndalama zoposa mayuro 130 miliyoni, zina zangongole zina zamphatso, zokonzera makilomita oposa 300 a mseu wa M1. Ntchitoyo idayamba mu 2022, ndipo chigawo cha Kasungu mpaka Jenda, chotalika makilomita 85, chimene Nkhamenya ali pakati pake, chidali chimodzi mwa zigawo zinayi. Pulani yake idali yokuza mseu ndi kuthira phula m'mbali monse muŵiri. Palibe munthu wanzeru amene angadane ndi ntchito yotere. Tidaulirira mseu umenewu zaka zambiri, ndipo ambulansi yothamangira ku chipatala cha boma ku Kasungu, mtunda woposa makilomita 50, imaufuna kuposa wina aliyense.

Koma akulu adati walira mvula walira matope. Maenje a mseu wakale, oipa monga analiri, ankagwira ntchito ina imene palibe adawatuma: ankakakamiza dalaivala kuchepetsa liŵiro. Mseu ukasalala, phazi la dalaivala limalemera. Ndipo liŵiro ndilo limagamula ngati munthu wogundidwa adzuke kapena anyamulidwe. Galimoto yothamanga makilomita 80 pa ola imadutsa mamita 22 pa sekondi imodzi. Ndiye kuti dalaivala akaona mwana atagwa ndi njinga patsogolo pake, asanaponde n'komwe buleki, m'kanthaŵi kakang'ono kamene maso akuuza phazi chochita, galimoto yayenda kale mtunda woposa kutalika kwa chipinda chophunziriramo kaŵiri. Pa makilomita 30 pa ola imayenda mamita 8 okha. Ndiponso mphamvu ya kugunda imakula msanga kuposa liŵirolo: liŵiro likaŵirikiza kaŵiri, mphamvuyo imaŵirikiza kanayi. Bungwe lija la zaumoyo limanena kuti munthu wogundidwa ndi galimoto yothamanga makilomita 65 pa ola ali pachiopsezo cha imfa kuposa kanayi poyerekeza ndi wogundidwa pa makilomita 50. Kusiyana kwa 50 ndi 65 dalaivala sakumva n'komwe ali pampando wake.

Nanga zimene zimadutsa pa Nkhamenya ndi galimoto wamba? Ndi mathanki a mafuta ochokera ku Dar es Salaam kudzera pa Songwe, malole a matabwa a ku Chikangawa, malole a mabelo a fodya opita ku okushoni, mabasi akuluakulu oyenda usiku. Lamulo limalola lole yaikulu ndi ngolo zake kulemera mpaka matani 56. Munthu ndi njinga yake ndi thumba la chimanga sapitirira makilogalamu 150. Lole yotere siisoŵa kukukhudza kuti ikugwetse. Mphepo yake yokha imayamba yakukankhira kunja, kenaka n'kukukokera kumataya a kumbuyo, ndipo ngati wanyamula malata kapena mtolo wa udzu, mphepoyo imagwira katunduyo ngati thanga la bwato. Wakabaza aliyense akhoza kukufotokozerani zimenezi bwino kuposa buku la injiniya.

Apa ndi pamene akatswiri ena amatiyankha kuti nkhaŵa yathu yatha kale, pakuti kunja kwa mzere wachikasu kuli phula lokwanira njinga. Kutchire, kumene nyumba zili patalipatali ndipo galimoto siziimaima, tikuvomera kuti phula la m'mbalilo ndi thandizo lenileni, ndipo tikuthokoza. Koma tiyeni tikaime pa malo a malonda alionse a m'mbali mwa M1, pa tsiku la msika, tione amene amakhala kunja kwa mzere wachikasu. Minibasi yaima pomwepo kudikira kuti idzaze. Kumbuyo kwake kuli kagalimoto ka Sienta zitseko zonse zili pululu. Patsogolo pali lole imene dalaivala wake watsika kukadya nsima, kapena yowonongeka imene yakhalapo masiku atatu, nthambi za mitengo zitaikidwa kumbuyo kwake m'malo mwa chizindikiro. Wapanjinga akafika pamenepo atani? Ayenera kukhotera kumanja, kuloŵa pakati pa mseu, asakuona chimene chikubwera kumbuyo kwake, ndipo ali ndi katundu womuletsa kucheuka. Malo amene adapatsidwa kuti amuteteze ndiwo amamuponyera pakamwa pa lole. Penti siiletsa taya kudutsa. Dalaivala waulemu amaulemekeza mzerewo, inde, koma ife sitiopa dalaivala waulemu. Timaopa wotopa amene wayendetsa usiku wonse kuchokera ku Karonga, woledzera, wolankhula pa foni, ndi uja wofuna kupitirira mnzake chakumanzere. Kwa onseŵa mzere wachikasu ndi chithunzi chabe.

Chimene tikupempha si chinthu chovuta kuchimvetsa. Kuyambira pamene nyumba zamalonda zayambira mpaka pamene zathera, mbali zonse ziŵiri za mseu, pakhale njira ya njinga yotambalala mamita aŵiri, kuti wonyamula makala mopingasa athe kupitiriridwa ndi mnzake popanda kugwetsana. Pakati pa njirayo ndi mseu wa galimoto pakhale kakhoma kakafupi ka simenti, kosiyidwa mipata yoti madzi a mvula azidutsa, kapena ngalande yomangidwa bwino. Oyenda pansi akhale ndi njira yao kuseri kwa ya njinga. Malo oimapo minibasi akhale kumbali ya mseu, njira ya njinga idutse kumbuyo kwake. Powolokera pakwezedwe ngati chitunda kuti galimoto ichepetse liŵiro ifune isafune, ndipo pakhale nyale zoyendera dzuŵa. Muyeso wake ndi umodzi, woti ngakhale mwana wa Sitandade 3 angathe kuyesa: kodi galimoto ingathe kuloŵamo? Ngati ingathe, njirayo si ya njinga ayi, ndi malo oimikapo galimoto amene angobwerekedwa kwa njinga nthaŵi imene eni ake sakuwafuna.

Tikudziŵa zimene tidzamva. Poyamba adzati ndalama palibe. Mau ameneŵa ndi okalamba kuposa tonsefe. Koma tagaŵani nokha ndalama zija ndi makilomita aja: kilomita iliyonse idaikidwira mayuro pafupifupi 400,000 kapena kuposerapo. Malo a malonda a pakati pa Kasungu ndi Jenda ndi oŵerengeka, ndipo alionse satalika kuposa kilomita imodzi kapena ziŵiri. Kakhoma ka simenti n'kotchipa kuposa mlatho uliwonse, ndipo amisiri ake ali m'midzi mwathu momwemuno. Dziko limene lidatha kumanga mseu wodutsana m'mwamba pa Area 18 mu 2020, ndi kuyamba mu 2021 kukuza Kenyatta Drive ndi Mzimba Street ku Lilongwe kuti galimoto ziziyenda zisanu ndi imodzi pambalipambali, silinganene kuti lasoŵa matumba a simenti a pa Nkhamenya. Ndipotu pulani za miseu ya ku Lilongwe ija zidaphatikizapo njira za njinga ndi za oyenda pansi. Ndiye kuti akatswiri a ku Roads Authority nzeruyi akuidziŵa. Funso ndi lakuti chifukwa chiyani moyo wa wapanjinga wa ku likulu uyenera kujambulidwa pa pulani, pamene wa mlimi wa kwa Kaluluma usiyidwe m'manja mwa mwaŵi.

Pali ena, makamaka eni galimoto, amene amalankhula mokweza kuti mseu ndi wao chifukwa ndiwo amaulipirira. Pa lita iliyonse ya mafuta pamakhala msonkho wopita ku Roads Fund Administration, ndipo kuchokera mu 2021 pa Chingeni ndi mu 2022 pa Kalinyeke amalipiranso pa zipata. Wapanjinga, akutero, salipira kanthu. Abale athu okondedwa, mafuta amene mumathira aja amagulidwa ndi madola, galimoto yanuyo idagulidwa ndi madola, ndipo pafupifupi theka la ndalama zimene dziko lino limapeza pogulitsa katundu kunja zakhala zikuchokera ku fodya. Fodyayo amalimidwa ndi yani? Amene amadzuka tambala woyamba kukathirira nazale mu Okutobala, amene amathyola ndi kusoka masamba mpaka zala kuda bii, amene amagona tulo tochepa kuyang'anira chigafa mvula ikamawomba ndi mphepo, ambiri a iwo alibe galimoto ndipo sadzakhala nayo. Tenanti wa pa esiteti ndiye amagula mafuta anu musanawagule inu. Ngongole ya ku Ulaya ija idzabwezedwa ndi misonkho ya aliyense wogula sopo ndi tcheni cha njinga, kuphatikizapo ana amene lero akuwoloka mseuwo atanyamula makope m'jumbo. Tikati tiŵerengetsane za ngongole, sitikudziŵa kuti wamanyazi adzakhala ndani.

Chonena china, chimene chili ndi choonadi mkati mwake, n'chakuti apanjinga eni ake ndi osasamala. Zoona. Alipo oyenda usiku popanda nyale kapena chonyezimira, atavala zakuda. Alipo okhota osakweza dzanja, onyamula anthu aŵiri pakaliyala, ochokera kokamwa kachasu. Alipo amene mabuleki ao ndi chidendene cha patapata. Makolo, aphunzitsi ndi magulu a kabaza ali ndi ntchito pamenepa, ndipo sitikuwachotsera. Kansalu konyezimira n'kotchipa kuposa bokosi la maliro. Koma tifunse: kodi madalaivala salakwitsa? Amalakwitsa tsiku ndi tsiku, kungoti iwo akalakwitsa amakhala atazingidwa ndi chitsulo, lamba ali pachifuŵa. Wapanjinga akalakwitsa pang'ono, chilango chake ndi manda. Ndi bwalo liti la milandu limene lingagamule kuti munthu aphedwe chifukwa choiŵala kukweza dzanja? Dziko la Sweden lidakhazikitsa mu 1997 mfundo imene maiko ambiri adatengera pambuyo pake, yakuti popeza munthu ndi wolakwitsa mwachibadwa, womanga mseu aumange mwakuti kulakwitsako kusathere mu imfa. Mai wanzeru sangodalira kuuza mwana wokwaŵa kuti moto umawotcha. Amamuika kutali ndi mafuwa.

Pamenepa tiyenera kudzudzulana tokha pa chizoloŵezi china. Pa maliro a munthu wogundidwa timakonda kunena kuti inali nthaŵi yake, Mwini wake wamuitana. Mau ameneŵa amatonthoza ofedwa, ndipo amanenedwa ndi mtima wabwino. Koma akanenedwa kaŵirikaŵiri amagonetsa mudzi tulo, chifukwa amasenzetsa Mulungu mlandu wa pulani yojambulidwa ndi anthu mu ofesi. Chilamulo cha Mose, m'buku la Deuteronomo mutu 22, chidalamula womanga nyumba ya denga lafulati kuti amange kampanda kuzungulira dengalo, ndipo chidaika mlandu wa munthu wogwa pa mwini nyumba wosamanga kampandako. Anthu akalewo adadziŵa kuti pali imfa zina zimene mmisiri amazikonzeratu mwa kusiya chinthu chimodzi chaching'ono.

Ndipo si imfa yokha. Pa munthu mmodzi womwalira pali ena angapo othyoka miyendo, msana kapena ovulala m'mutu. Bambo akathyoka ntchafu mu Febuluwale, fodya ali pakati pa kuthyoledwa, ulimi wa chaka chonse watha. Amatumizidwa ku Kasungu, mwina mpaka ku Kamuzu Central ku Lilongwe, mkazi wake n'kupita naye kukamudikirira. Masamba amapsa m'munda, ngongole ya feteleza ikudikira, ndipo mwana wamkazi amene adali ku sekondale amabwerera kunyumba kudzalera ang'ono ake. Zimenezi sizilembedwa m'buku la apolisi. Pamene akatswiri akuŵerengera phindu la mseu ndi mphindi zimene lole yapulumutsa, ndani amaŵerengera mtsikana ameneyu?

Tikanena za mphindi, tiyeni tiziŵerenge. Amati M1 ndi mseu wa malonda a maiko, wolumikiza Malaŵi ndi doko la Dar es Salaam, ndipo sungachedwetsedwe chifukwa cha msika wa kumudzi. Lole yodutsa makilomita aŵiri pa liŵiro la 80 imatenga mphindi imodzi ndi theka. Pa liŵiro la 30 imatenga mphindi zinayi. Kusiyana kwake ndi mphindi ziŵiri ndi theka, pa ulendo wa masiku angapo, umene dalaivala amataya maola ambiri pa chipata cha Songwe kudikira mapepala. Msonkhano wa nduna za maiko umene udachitika ku Stockholm mu Febuluwale 2020 udapempha kuti paliponse pamene galimoto zimasakanikirana kaŵirikaŵiri ndi oyenda pansi ndi apanjinga, liŵiro lisapitirire makilomita 30 pa ola. Ndiponso njira yotchingidwa imathandiza dalaivala yemweyo, pakuti njinga zikachoka patsogolo pake sakhalanso akuliza hutala ndi kuponda buleki mwadzidzidzi. Madalaivala ambiri ndi makolo ngati ife, ndipo amene adagundapo munthu sagona bwino moyo wake wonse.

Mwina wina anena kuti zonsezi n'za kwa Azungu, kumene anthu amakwera njinga pofuna kuchepetsa mimba. Ayi ndithu. Dziko la Netherlands, limene lero limatchuka ndi njira za njinga, silidabadwe nazo. Nalonso lidakuza miseu chifukwa cha galimoto, mpaka mu 1971 anthu pafupifupi 3,300 adafa pa miseu yake, oposa 400 mwa iwo ali ana. Makolo adakwiya. Adayambitsa gulu lotchedwa Stop de Kindermoord, kutanthauza kuti lekani kupha ana, natseka miseu ndi matupi ao, nalembera akuluakulu a boma osatopa. Pang'ono ndi pang'ono mizinda idayamba kumanga njira za njinga zopatukana ndi za galimoto ndi kuchepetsa liŵiro m'malo okhala anthu. Pamodzi ndi malamulo ena monga a lamba ndi a moŵa, zimenezi zidatsitsa imfa kufika pansi pa 800 pa chaka, ngakhale kuti anthu ndi galimoto zidachuluka. Chimene tikutolapo ife n'chakuti oyambitsa anali makolo wamba. Ndipo ngati anthu okhala ndi sitima ndi mabasi ambiri adaona kuti njinga ndi yoyenera kutetezedwa, nanga ife amene njinga ndiyo sitima yathu, basi yathu ndi ambulansi yathu?

Enanso amati njinga yakapalasa ikutha, posachedwa aliyense adzakhala pa njinga yamoto. Njinga zamoto zachulukadi, ndipo zabwera ndi maliro akeake, nkhani imene ifunika tsamba lakelake. M'njira imene tikupemphayi zisaloŵemo, chifukwa liŵiro lake ndi la galimoto. Koma amene akuti yakapalasa ikutha aiŵala msanga. Mu 2022, mu 2023 ndi mu 2024, pamene mafuta ankasoŵa ndipo galimoto zinkagona pamizere, chidanyamula dziko lino n'chiyani? Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndi mabanja angati a kumudzi amene adayandikira kugula injini? Njinga tidzakhala nayo zaka zambiri zikubwerazi.

Chovuta chenicheni, chimene sitingachizembe, chili pakati pathu. Ndi malonda a m'mbali mwa mseu. Mai wogulitsa tomato amadziŵa kuti wogula ali pawindo la basi, motero amasendera pafupi ndi phula, mnzake n'kusendera kuposa iye, mpaka msika wonse uli pamseu. Tikamanga njira ya njinga lero, kodi maŵa simudzadzaza mabenchi a kaunjika ndi mbaula za chipisi? Zingatheke ndithu, ndipo zikatero simenti yapita pachabe. Sitikunyoza amai ameneŵa. Phindu la tomato ndilo sopo ndi fizi. Koma tikumbukire zimene zidachitika pa Kampepuza ku Ntcheu mu 2019, pa mseu womwewu wa M1, pamene lole idalephera kuima n'kuloŵa pakati pa anthu pamsika, ndipo anthu oposa khumi ndi asanu adataya miyoyo. Chaona mnzako chapita, maŵa chili pa iwe. Khonsolo ya Kasungu imatolera ndalama za msika kwa ogulitsa. Ibweze ndalamazo mwa kuwakonzera malo abwino kuseri kwa njira ya oyenda pansi, pafupi ndi poima mabasi, kuti wogula awapeze mosavuta. Kuthamangitsa ogulitsa ndi zikwapu popanda kuwapatsa kopita kwayesedwa m'mizinda yathu kambirimbiri, ndipo patapita sabata amabwerera. Koma komiti ya msika ndi gulu la akabaza akagwirizana kuti njira iyi ndi yathu, adzailondera okha kuposa wapolisi aliyense, pakuti akabaza amadziŵana maina ndipo amalangana.

Tsono tichite chiyani, ife amene sitijambula mapulani? Njira ilipo kale. Nkhani imayambira ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi, n'kupita ku komiti ya chitukuko ya dera la mfumu yaikulu, n'kukafika ku khonsolo, imene ingalembere a Roads Authority ndi a nthambi yoona za chitetezo cha pamseu. Khansala ndi phungu wa ku Nyumba ya Malamulo amabwera kwa ife pofuna mavoti. Afunsidwe pamaso pa anthu kuti nkhaniyi aifikitsa pati, ndiponso ngati thumba la chitukuko cha dera silingayambe ndi powolokera ana asukulu. Ku misonkhano imeneyi timakonda kupempha mijigo ndi midadada ya sukulu, ndipo n'zofunika, koma mseu timauona ngati wa boma, chinthu chosatikhudza. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Amene alibe njinga ali ndi mdzukulu amene amakwera kabaza.

Akuluakulu a m'maofesi amamva manambala kuposa misozi, choncho tiwapatse manambala. Achinyamata anayi okhala ndi makope ndi mapensulo akhale pamthunzi m'mbali mwa mseu pa tsiku la msika, kuyambira 6 koloko m'maŵa mpaka 6 koloko madzulo, azilemba kamzere pa njinga iliyonse yodutsa, pa munthu aliyense wowoloka ndi pa galimoto iliyonse. Achitenso chimodzimodzi pa tsiku wamba, ndiponso nthaŵi yogulitsa fodya pamene ndalama ndi moŵa zachuluka. Mafumu ndi magulu a kabaza alembe malo enieni pamene anthu adagundidwira m'zaka zisanu zapitazi, pakuti iwo amakumbukira ngakhale ngozi zimene sizidafike ku polisi. Kalata ipite ndi mapepala ameneŵa, yosainidwa ndi mafumu, aphunzitsi aakulu, azachipatala, amipingo yonse ndi a komiti ya msika, ndipo a ku Chatoloma ndi a ku Jenda auzidwe kuti alembe yao. Yankho likachedwa, kalata ina itsatire. Ndipo tsiku limene akatswiri adzafike ndi chitini cha penti, tidzawalandire bwino, tiwapatse mpando ndi madzi akumwa, kenaka tiwafunse tsiku limene simenti idzabwere.